Sepsis: kuizindikira msanga ndi zoyenera kuchita pa ola loyamba

Sepsis, imene ena amati poizoni wa m'magazi, imayambira pa matenda amene tonse timawadziwa: chibayo, bala lotukusira, mchombo wa khanda wotuluka mafinya, mkodzo wowotcha, chiberekero chimene chatsala ndi zidutswa mayi atachira kapena atapita padera. Thupi likamalimbana ndi tizilombo toyambitsa matendawa, nthawi zina chitetezo chake chimapitirira muyeso n'kuyamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Mitsempha imalefuka ndi kuyamba kudontha, magazi amafika mopelewera ku impso, ku ubongo, ku chiwindi ndi kumapapo, ndipo ziwalozo zimayamba kuleka ntchito chimodzi ndi chimodzi. Munthu amene m'mawa amakhala pakhonde n'kumwa phala angathe kukhala wosazindikira aliyense pofika madzulo.

Kafukufuku wa padziko lonse amene anafalitsidwa mu 2020 anapeza kuti m'chaka cha 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala sepsis ndipo 11 miliyoni anamwalira, kutanthauza imfa imodzi pa imfa zisanu zilizonse za chaka chimenecho. Ana osakwana zaka zisanu anali gawo lalikulu la odwalawo. Chaka chomwecho cha 2017, msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unagwirizana kuti maiko aziika matendawa patsogolo.

Kuno ku Tete, m'dziko la Mozambique, vuto limakula chifukwa cha mtunda. Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Hospital Provincial de Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo wa ku Domué, Tsangano, Furancungo kapena Chifunde amayamba wayenda ulendo wina asanafike n'komwe pamsewu waukulu. Choncho maola amene amapulumutsa munthu amathera kunyumba, panjira ndi pa centro de saúde (chipatala cha m'dera) yaing'ono. Miyeso ya mankhwala imene ili m'munsimu ndi ya anamwino, matécnico (othandiza madokotala) ndi madokotala, ndipo pamene malangizo a MISAU, unduna wa zaumoyo wa Mozambique, akunena zosiyana, tsatirani a MISAU. Wodwazika asayese kugula mankhwalawa n'kumabaya yekha kunyumba.

Zimene wodwazika ayenera kuyang'ana

Kutentha thupi pakokha sikukuuzani kuti zafika pati. Anthu ambiri otentha thupi alibe sepsis, ndipo ena amene ili nawo kwambiri, makamaka makhanda, okalamba ndi onyentchera, thupi lawo limazizira. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti: munthuyu ali ndi matenda kwinakwake m'thupi, kodi pali chiwalo chimene chayamba kufooka?

Yambani ndi maganizo. Agogo amene dzulo amacheza bwinobwino, lero akuitana anthu amene anamwalira kalekale, akubwebweta, kapena akungowodzera osamaliza chiganizo: ubongo wawo sukulandira magazi okwanira. Pabanja chizindikiro chimenechi chimatanthauziridwa molakwika kawirikawiri. Ena amati ndi mizimu, ena amati munthu wadyetsedwa, ndipo tsiku lathunthu limathera kwa sing'anga. Mukaona kusokonezeka kwadzidzidzi mwa munthu wodwala, kupita kuchipatala kukhale koyamba, zina zonse zibwere pambuyo.

Kenako werengani kapumidwe. Mugonekeni kapena mukhazikeni phee, muvule malaya, yang'anani pachifuwa, ndipo werengani kwa mphindi imodzi yathunthu pogwiritsa ntchito wotchi ya pafoni. Kukwera ndi kutsika kwa chifuwa ndi kamodzi. Munthu wamkulu akapuma ka 22 kapena kuposa pamphindi, pali vuto. Kwa khanda losakwana miyezi iwiri malire ndi 60, kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11 ndi 50, ndipo kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu ndi 40. Mwana akamalira musawerenge, dikirani atonthole. Yang'ananinso m'munsi mwa nthiti: ngati pakulowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, mapapo akuvutika.

Chachitatu ndi mkodzo. Funsani kuti wakodza liti komaliza. Wamkulu amene watha tsiku lonse osakodza, kapena akutulutsa madontho akuda ngati tiyi wopanda mkaka, impso zake zili pangozi. Kwa khanda yang'anani matewera: ngati akhala ouma kuyambira m'mawa mpaka madzulo, musadikire mawa.

Gwirani manja ndi mapazi. Ngati ndi ozizira pamene mimba ndi chifuwa zikutentha, tsinani chikhadabo cha chala kwa masekondi asanu mpaka chiyere, kenako musiye. Kufiira kuyenera kubwerera masekondi atatu asanakwane. Kukachedwa, magazi sakufika kumalekezero. M'miyezi ya June ndi July ku Angónia ndi ku Tsangano kuzizira kokha kungachedwetse kufiirako, choncho yesani pakati pa chifuwa m'malo mwa chala.

Zina zofunika kuthamanga nazo ndi kukomoka kapena linjirinjiri, kusanza chilichonse, kulephera kuyamwa kapena kumwa, khosi louma, maso achikasu, ndi timadontho takuda pakhungu timene sitizimirira mukatikanikiza.

Khanda la m'chikuta lili ndi zizindikiro zake, ndipo n'zosaoneka msanga. Limangosiya kuyamwa bwino. Limagona kwambiri, limangogwedezeka mukaligwedeza, kapena siligwedezeka n'komwe. Thupi limatentha kufika madigiri 38 kapena limazizira kutsika pa 35.5. Mchombo umafiira, kufiirako n'kufalikira pakhungu la pamimba, ndipo liwombo lingatukumuke. Chizindikiro chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira. Mwambo woti mwana asatuluke mchombo usanagwe uli ndi malo ake, koma khanda losayamwa liyenera kutuluka tsiku lomwelo, ndipo azamba, anankungwi ndi apongozi ndiwo ayenera kukhala oyamba kunena zimenezi.

Mayi amene wachira m'masabata asanu ndi limodzi apitawa, kapena wapita padera, kapena wachotsa mimba, akatentha thupi, kunjenjemera, kumva kuwawa pachinena, kutuluka zonunkha kunjira ya abambo, kapena bala la opaleshoni likatupa ndi kuchucha, abwerere ku maternidade (kochirira amayi) nthawi yomweyo. Manyazi ndi mantha zimachedwetsa atsikana ambiri pa nkhani ya mimba yochotsa. Wachipatala ayenera kufunsa mofatsa, pambali, popanda kukalipa, chifukwa yankho loona ndilo limamuuza kumene tizilombo tili.

Panjira

Tengani makadi onse: kadi la mwana, la sikelo ya amayi oyembekezera, la TARV (mankhwala a ma ARV a HIV), komanso mapaketi a mankhwala alionse amene wodwala wamwa, ngakhale ogula pamsika kapena a zitsamba. APE, wazaumoyo wa m'mudzi, akapezeka msanga, iye angayeze malungo, kupereka chithandizo choyamba ndi kulemba guia (kalata yotumizira wodwala kuchipatala), koma ngati sali pafupi musamudikire.

Khanda liikeni pachifuwa cha mayi, khungu ndi khungu, muliveke chipewa ndi kufunditsa onse awiri nsalu. Ngati likutha kuyamwa liyamwe panjira. Mwana wokulirapo amene akutha kumeza mumupatse madzi a shuga: masupuni ang'onoang'ono anayi osasefukira m'kapu ya mamililita 200 ya madzi aukhondo, amwe mamililita 30 mpaka 50 musananyamuke. Wosazindikira musamuthire chilichonse m'kamwa, chifukwa chimalowa m'mapapo. Mugonekeni chammbali, ndipo ngati ndi mwana, ikani kasupuni kamodzi ka shuga wonyowetsa pang'ono pansi pa lilime.

Musamupatse diclofenac kapena ibuprofen. Mankhwala amenewa amatsitsa kutentha koma amapweteka impso zimene zayamba kale kuvutika. Paracetamol ndiye woyenera. Musamateme mphini pamalo otupa. Mukutsegulira tizilombo khomo lina.

Mukafika, musakhale kumapeto kwa mzere. Pitani kwa woyang'anira triagem (posankhira odwala ofunika thandizo msanga) kapena ku banco de socorros (kolandirira odwala mwadzidzidzi) ndipo nenani zimene mwaona m'mawu ochepa: "A namwino, mwanayu sanayamwe kuyambira usiku, akupuma ka 70 pamphindi, manja azizira." Mawu otere amamveka kuposa kunena kuti mwana sakupeza bwino.

Mphindi zoyamba pachipatala

Yezani zonse ndipo mulembe pamodzi ndi nthawi: kapumidwe, kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, kutentha kwa thupi, okosijeni pachala, ndi kuzindikira kwa wodwala. Kuyambira 2016 pali muyeso wachidule wotchedwa qSOFA wa akuluakulu, wokhala ndi zinthu zitatu: kupuma ka 22 kapena kuposa, nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi 100 kapena kutsika, ndi kusokonezeka maganizo. Ziwiri zikapezeka mwa munthu amene mukumuganizira matenda a tizilombo, ngozi ya imfa ndi yaikulu. Dziwani kuti muyesowu umaphonya odwala ambiri, ndipo malangizo a padziko lonse a Surviving Sepsis Campaign a 2021 amati usagwiritsidwe ntchito wokha. Mnyamata wamphamvu amasunga kuthamanga kwa magazi mpaka mochedwa kwambiri, ndipo ana amatero koposa. Kuthamanga kwa magazi kukatsika mwa mwana ndiye kuti watsala pang'ono.

Okosijeni akatsika pa 90 peresenti, yambani kupereka mpweya. Bayani chala kuyeza shuga musanachite china chachikulu, chifukwa shuga wotsika amapha msanga ndipo kumukweza n'kosavuta. Mwana amene shuga wake watsika pa 2.5 mmol/L, kapena pa 3 ngati ndi wonyentchera, alandire mamililita 5 pa kilogalamu a dextrose (madzi a shuga a m'dripi) wa 10 peresenti mu mtsempha. Khanda lobadwa kumene lilandire mamililita 2 pa kilogalamu. Ngati mulibe choyezera ndipo mwana sakuzindikira, perekani ndithu. Yezaninso pakatha mphindi 30, popeza shuga amatsikanso.

Ikani kanyula mu mtsempha, ziwiri kwa wamkulu amene kuthamanga kwa magazi kwatsika. Pamene labotale ingathe kumeretsa tizilombo, tengani magazi a hemocultura musanapereke mankhwala, mutapukuta khungu bwino ndi kulidikira liume. Pamene palibe, kapena botolo likuchedwa kupezeka, musachedwetse mankhwala chifukwa cha icho. Yezani kuchuluka kwa magazi, malungo, ndi HIV kwa aliyense amene sakudziwa mmene alili.

Pa malungo m'pamene odwala ambiri amatayikira. Kuno malungo ndi ochuluka, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo TDR, kachipangizo koyezera malungo mwachangu, ingaonetse kuti alipo mwa munthu amene chikumupha ndi chibayo kapena mabakiteriya a m'magazi. Kachipangizoka kamathanso kuonetsa mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira kale malungo. Mwana wodwala kwambiri amene TDR yake yaonetsa malungo alandire zonse ziwiri, artesunate wa malungo ndi mankhwala opha mabakiteriya, chifukwa malungo aakulu ndi mabakiteriya a m'magazi zimayendera limodzi kawirikawiri mwa ana. Artesunate ndi mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu, kapena 3 kwa mwana wosakwana makilogalamu 20, poyamba, pakatha maola 12, pakatha maola 24, kenako kamodzi patsiku mpaka athe kumwa mapiritsi. Botolo la mamiligalamu 60 limasungunulidwa ndi mililita imodzi ya bicarbonate yobwera nalo, kugwedeza mpaka liyere, kenako kuthira mamililita 5 a madzi amchere ngati ndi la mu mtsempha. Mililita iliyonse imakhala ndi mamiligalamu 10, choncho mwana wa makilogalamu 12 amalandira mamililita 3.6. Losungunula kale silisungidwa kudikira dozi yotsatira.

Mankhwala opha mabakiteriya

Wodwala amene kuthamanga kwa magazi kwatsika, kapena amene zizindikiro za sepsis zili zoonekeratu, alandire dozi yoyamba ola limodzi lisanathe chifikireni. Kulemba pa faelo sikupereka mankhwala. Zimachitika kuti dozi yalembedwa 9 koloko m'mawa, wodwala wapita ku X-ray, kenako ku wodi, ndipo jakisoni woyamba amabayidwa pa ulendo wa mankhwala wa madzulo. Amene walemba ndiye aonetsetse ndi maso ake kuti walowa. Pa centro de saúde yaing'ono, dozi yoyamba iperekedwe ambulansi isananyamuke, ngakhale pamnofu ngati mtsempha wakanika, ndipo dzina la mankhwala, muyeso ndi nthawi zilembedwe pa guia.

Kwa wamkulu amene gwero silikudziwika kapena ndi chibayo, ceftriaxone wa magalamu 2 mu mtsempha kamodzi patsiku ndiye amagwiritsidwa ntchito kwambiri. Mukaganizira m'mimba, monga matumbo obooka chifukwa cha taifodi kapena appendix yophulika, onjezani metronidazole wa mamiligalamu 500 maola 8 alionse. Kwa mayi wochira, njira yodziwika ndi ampicillin wa magalamu 2 maola 6 alionse, gentamicin wa mamiligalamu 5 pa kilogalamu kamodzi patsiku, ndi metronidazole monga pamwambapa. Pamene clindamycin alipo, WHO imalimbikitsa iyeyo pamodzi ndi gentamicin pa matenda a chiberekero.

Kwa mwana wopitirira mwezi, ampicillin ndi mamiligalamu 50 pa kilogalamu maola 6 alionse ndipo gentamicin ndi 7.5 pa kilogalamu kamodzi patsiku. Ngati sizikuthandiza kapena palibe, ceftriaxone wa mamiligalamu 80 pa kilogalamu kamodzi patsiku, kapena 100 mukaganizira matenda oumitsa khosi.

Khanda la sabata yoyamba limafuna kusamala kwina chifukwa impso zake n'zanthete. Ampicillin ndi mamiligalamu 50 pa kilogalamu maola 12 alionse, ndipo kuyambira sabata yachiwiri maola 8 alionse. Gentamicin ndi mamiligalamu 5 pa kilogalamu kamodzi patsiku, 3 ngati linabadwa losakwana makilogalamu 2.5, ndi 7.5 kuyambira sabata yachiwiri. Cholakwika choopsa chimachitika pokoka mankhwala. Botolo la gentamicin la mamililita 2 limakhala ndi mamiligalamu 80, ndipo khanda la makilogalamu 3 likufuna mamiligalamu 15 okha, amene sakwana ngakhale theka la mililita. Kuyeza kadontho kotere ndi sirinji wamba n'kovuta. Thirani mamililita 6 a madzi a jakisoni m'mamililita awiriwo kuti akhale 8, mililita iliyonse ikhale ndi mamiligalamu 10, kenako kokani mililita 1.5. Gentamicin wopitirira muyeso amawononga impso ndi makutu, ndipo ugonthi wake sumachira. Ceftriaxone asayende mu paipi imodzi ndi madzi a m'dripi a Ringer's lactate, popeza kashiamu wa m'madziwo amaundana naye, ndipo apewedwe mwa khanda lachikasu. Mwana aliyense ayezedwe pasikelo. Kuyerekezera ndi maso kumasocheretsa.

Madzi a m'dripi

Apa m'pofunika kukhalitsa, chifukwa madzi amapulumutsa ndipo amaphanso. Mu sepsis mitsempha imadontha, choncho gawo lina la soro (madzi a m'dripi) amene mwathira limakathera m'mapapo. Kumene kuli makina opumitsa wodwala, vuto limenelo limakonzeka. Pa zipatala zathu zambiri makina amenewo palibe.

Kafukufuku wotchedwa FEAST, amene anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania ndipo anafalitsidwa mu 2011, anayesa ana oposa 3,000 otentha thupi amene magazi awo samayenda bwino. Ana amene anapatsidwa madzi ochuluka mofulumira anamwalira ambiri m'maola 48 kuposa amene anapatsidwa madzi pang'onopang'ono. Ku University Teaching Hospital ku Lusaka, kafukufuku wa akuluakulu wofalitsidwa mu 2017, ambiri mwa iwo ali ndi HIV, anapeza zofanana: pa gulu lothiridwa madzi ambiri anamwalira 48 pa 100, pa gulu la chithandizo cha masiku onse 33 pa 100. Odwala amenewo akufanana kwambiri ndi athu.

Choncho kwa mwana, WHO imati madzi ofulumira aperekedwe pokhapokha zizindikiro zitatu zonse zilipo: manja ndi mapazi ozizira, kufiira kwa chikhadabo kochedwa kupitirira masekondi atatu, ndi kugunda kwa mtima kofulumira koma kofooka. Pamenepo perekani mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu a Ringer's lactate kapena madzi amchere kwa mphindi 30 mpaka 60, kenako yezaninso. Wonyentchera kwambiri alandire 10 mpaka 15 pa kilogalamu kwa ola lathunthu, chifukwa mtima wake sungathe kunyamula zambiri. Mwana amene zikhato zake zayera mbee ndipo magazi ndi ochepa kwambiri akufunika magazi, osati soro. Madzi amangosungunula magazi ochepa amene atsala.

Kwa wamkulu amene kuthamanga kwa magazi kwatsika, malangizo a padziko lonse amatchula mamililita 30 pa kilogalamu m'maola atatu oyamba, amene kwa munthu wa makilogalamu 60 ndi mamililita 1,800. Musawaone ngati ngongole yoti ithe. Perekani mamililita 250 mpaka 500 kwa mphindi 15 mpaka 30, imani, yezani. Ngati kugunda kwa mtima kwatsika, manja afunda, munthu wayamba kuyankha bwino ndipo mkodzo watuluka, madzi akugwira ntchito. Ngati kapumidwe kakwera, okosijeni watsika, mitsempha ya pakhosi yatupa, kapena m'munsi mwa mapapo mwayamba kumveka phokoso la madzi, tsekani dripi ndipo mudzutseni wodwala akhale tsonga. Dripi yosiyidwa yotsegula usiku popanda woyang'ana ndiyo imamiza anthu. Dextrose wa 5 peresenti sakweza kuthamanga kwa magazi. Asagwiritsidwe ntchito pa cholinga chimenechi.

Chenjezo lonseli silikhudza munthu wotha madzi chifukwa chotsegula m'mimba. Wa kolera, amene chigawo chino chinamuonanso mu 2023, maso atalowa m'kati, khungu likatsinidwa osabwerera, amafunika madzi ambiri ndiponso mofulumira, mamililita 100 pa kilogalamu motsatira Plano C, ndondomeko yothandizira munthu wotha madzi kwambiri. Funsani za kutsegula m'mimba ndi kusanza musanasankhe njira.

Cholinga mwa wamkulu ndi chakuti MAP, nambala yapakatikati ya kuthamanga kwa magazi, ifike 65. Iwerengeni motere: nambala yapansi kuchulukitsa kawiri, kuphatikiza yapamwamba, kugawa katatu. Wodwala wa 85/50 ali pa 62, kutanthauza kuti sanafike. Ngati madzi aperekedwa koma MAP ikadali pansi pa 65, kuonjezera madzi sikuthandiza. Akufunika mankhwala okweza kuthamanga kwa magazi, noradrenaline, kapena adrenaline pamene woyambayo palibe, woyenda pang'onopang'ono mu mtsempha waukulu ndi namwino pambali. Uyu ndi wodwala wa chipatala chachikulu, ndipo foni yowachenjeza iimbidwe asananyamuke.

Kupeza ndi kuchotsa gwero

Mankhwala salowa bwino m'mafinya kapena mu mnofu wakufa. Muvuleni wodwala yense ndipo mumutembenuze. Yang'anani kumsana, m'matako, m'khwapa, pakati pa zala za kumapazi makamaka kwa wodwala shuga, mabere a mayi woyamwitsa, m'kamwa ndi m'makutu. Kanikizani mimba: ikauma gwa ngati thabwa ndipo ikuwawa mukachotsa dzanja, ndi nkhani ya opaleshoni lero lomwe. Chithupsa chitumbulidwe. Chiberekero chotsala ndi zidutswa za nsengwa chitsukidwe dozi yoyamba ya mankhwala italowa. Bala lakuda, lonunkha, lowawa kuposa mmene likuonekera, limene kufiira kwake kukuyenda ola ndi ola, lidulidwe mnofu wakufa mwamsanga. Jambulani malire a kufiirako ndi cholembera kuti muone ngati kukudutsa. Kanyula yakale yofiira pamalo obaya ichotsedwe, ndipo paipi ya mkodzo imene yakhalitsa isinthidwe. Bambo wokalamba amene chikhodzodzo chake chatupa chifukwa mkodzo watsekeka amayamba kupeza bwino paipi ikangolowa.

Wodwala amene ali ndi HIV, makamaka wosiya TARV kapena amene CD4 yake (chiwerengero cha asilikali a m'magazi) yatsika pa 200, afufuzidwe zina. Chifuwa chachikulu chofalikira thupi lonse ndi chimodzi mwa zoyambitsa sepsis kawirikawiri mwa odwala otere kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo nthawi zambiri munthuyo satsokomola n'komwe. Ceftriaxone sachipha. Yezani mkodzo ndi TB LAM ndi makhololo ndi GeneXpert pofufuza chifuwa chachikulu, ndi magazi ndi CrAg pofufuza tizilombo ta Cryptococcus timene timaumitsa khosi, makamaka ngati mutu ukuwawa. Mabakiteriya a Salmonella nawonso amalowa m'magazi mwa odwala otere ndi mwa ana ochepa magazi. Funsani za kusiya mankhwala popanda kuweruza. Anthu amayenda, ena ku migodi ya ku Moatize, ena kudutsa malire ku Zóbuè kapena Calomue, ndipo mankhwala amawathera kutali ndi kumene amalandirira.

Maola otsatira

Wodwala wa sepsis agonekedwe pafupi ndi tebulo la anamwino. M'maola oyamba ayezedwe mphindi 30 zilizonse, kenako ola lililonse mpaka akhazikike. Mkodzo uyezedwe: wamkulu atulutse theka la mililita pa kilogalamu pa ola, kutanthauza mamililita 30 pa ola kwa munthu wa makilogalamu 60, ndipo mwana mililita imodzi pa kilogalamu. Pamene anamwino ndi ochepa, phunzitsani wodwazika kusunga mkodzo m'botolo lolembedwa mizere ndi kuitana akaona kusintha kwa kapumidwe. Mkodzo ukachepa kwambiri, ganizirani kaye musanapereke gentamicin wotsatira. Amene akutha kumeza ayambe kudya msanga, ndipo khanda losayamwa lilandire mkaka wa mayi wofinya kudzera m'kapaipi ka m'mphuno.

Pakatha maola 48 khalani pansi ndi faelo. Ngati akuchira, konzani zosamukira ku mapiritsi. Akuluakulu ambiri amene gwero lachotsedwa amakwanira ndi masiku 5 mpaka 7, ana 7 mpaka 10, ndipo matenda oumitsa khosi ndi a m'mafupa amafuna ochulukirapo. Ngati sakusintha, zifukwa zake zimakhala zochepa: mafinya amene sanatuluke, madozi amene anadumphidwa, chifuwa chachikulu chimene sichinaganiziridwe, kapena mabakiteriya osamva mankhwala. Chomalizachi chikukula. Mabakiteriya monga Klebsiella ndi E. coli osamva ceftriaxone akupezeka kwambiri m'zipatala za m'dera lino la Africa, makamaka m'mawodi a makhanda, ndipo amakula chifukwa cha makapisozi ogula pamsika, omwa masiku awiri n'kusiya, ndi ceftriaxone wobayidwa kwa aliyense wotentha thupi. Amene zapezeka kuti analibe matenda a mabakiteriya asiyitsidwe mankhwalawo. Ndipo manja asambidwe pakati pa khanda ndi khanda, chifukwa sepsis ina imatengedwera m'wodi momwemo.

Wodwala akatuluka

Kufooka, kuiwalaiwala, kusowa tulo ndi kupuma movutikira zingathe miyezi. Ana amene angotuluka m'chipatala amakhalabe pangozi m'miyezi yoyamba, makamaka onyentchera, ochepa magazi ndi amene ali ndi HIV, ndipo ambiri mwa amene amamwalira nthawi imeneyi amafera kunyumba. Asanatuluke, wodwazika auzidwe tsiku lobwerera, abwereze yekha zizindikiro zoopsa, ndipo APE wa kwawo adziwitsidwe. Onani kadi la katemera: katemera wa chibayo wa PCV, amene Mozambique anayamba kupereka mu 2013, ndi wa pentavalente amateteza ku mabakiteriya amene amayambitsa sepsis mwa ana. Wa HIV abwezeretsedwe pa TARV pa nthawi imene dokotala wanena, pamodzi ndi cotrimoxazole. Mayi wa khanda auzidwe kuti pamchombo pasapakidwe phulusa, dothi, mwaye kapena mafuta, koma chlorhexidine yekha pamene achipatala apereka, ndipo mankhwalawo asayandikire m'maso mwa mwana.